Mgonero wa M'mawa

Dzuwa linali litangolowa pamene Mzime anayamba kutula mbale patebulo. Mwamuna wake anali atasamba kale m'manja, ngakhale kuti girisi wa m'zikhadabo sanachoke. Ntchito yake inali yokonza njinga, ndipo sopo anagonja naye kalekale. Azakhali, mlongo wawo wa bambo ake a Mzime, anali atafika masana omwewo kudzaona bambowo, amene ankadwala. Anakhala pafupi ndi khomo, mwendo wa bondo lovuta atautambasula. Mpando wa kumutu kwa tebulo unalibe munthu.

"Kawadzutse abambo ako," anatero azakhali. "Mpunga ukazizira umakhala ngati mchenga."

"Adzuka okha. Akamva mbale zikulira amadziwa kuti kwacha."

"Kwacha chotani, nkhuku zitalowa kale m'khola?"

"Kwa iwo kwacha, azakhali," anayankha mkamwini, maso ali pambale.

Posakhalitsa chitseko cha kuchipinda chinalira, bambo n'kutuluka. Maso anali otupa, patsaya pali mizere ya pilo. Mabatani a pamimba anali osamanga, chifukwa anasiya kukumana ndi mabowo ake. Anapereka moni kwa mlongo wawo, nakhala pansi pang'onopang'ono atagwira m'mphepete mwa tebulo.

Moyo wawo wonse wa ntchito bambo anauthera kubekale, kuphika buledi usiku. Ankachoka pakhomo anthu akutseka mawindo, n'kubwerako anthu akutsegula, nsidze zili mbuu ndi ufa. Anzawo ankawatchula kuti a Mleme. Pakhomo pawo mawu nawo anatembenuka. Chakudya cha madzulo chinkatchedwa kadzutsa wa ababa, ndipo chimene ankadya m'mawa asanalowe m'bulangeti chinali mgonero wa ababa. Anayambitsa zimenezi ndi mayi, mwanthabwala, ana akadali aang'ono, ndipo anawo anakula osaonapo chachilendo. Mayi anamwalira, kubekale anawapumitsa bambo ntchito, koma thupi silinamve uthengawo. Usiku ankakhala pabalaza nyale ili ngwee, akumwa tiyi wa shuga wambiri ndi buledi, ndipo kukacha ankapita kukagona.

"Ndiye mukupeza bwanji, achimwene?" anafunsa azakhali.

"Ndilipo."

"Zoti mulipo ndikuziona ndekha. Mapazi aja?"

"Akadali ndi dzanzi."

"Nanga maso?"

"Akuona kuti mwakalamba."

"Ndiye kuti aonongeka ndithu."

Onse anaseka. Koma Mzime anaona dzanja la bambo likufufuza supuni patebulo, kuiphonya, kubwerera, mpaka kuipeza ndi chala. Supuniyo inali pomwe imakhala masiku onse.

Mwezi wathawo, amene anawaperekeza bambo kuchipatala anali azakhali, chifukwa Mzime, amene anali telala, sakanatha kutseka shopu. Bambo anabwerako ndi mabotolo a mapiritsi ndi mawu ochepa kwambiri.

"Azakhali, tandiuzeni bwinobwino zimene ananena adokotala," anatero Mzime. "Ababa anangondipatsa mabotolo, amvekere zonse zili bwino."

"Zili bwino? Bodza lokhalokha." Azakhali anaika supuni pansi. "Dokotala wake ndi mtsikana wa magalasi, wamng'ono kwa iwe. Anawayeza magazi, kenako anatenga tepi ngati yako ija n'kuwayeza m'chiuno. Ine ndinkati awasokera thalauza. Atatha anati alendo afika onse pamodzi: shuga, magazi othamanga, mafuta m'magazi, ndi mimba iyi. Akuti amenewa sayenda payekhapayekha, amaitanana."

"Mimba ndi ya kumtundu," anatero bambo.

"Kumtundu kwa ndani? Atate athu anafa ali ngati bango." Azakhali anatembenukira kwa Mzime. "Kenako anafunsa za tulo. Atamva kuti munthu wamkuluyu amagona masana n'kumadya usiku, anavula magalasi. Akuti thupi lili ndi wotchi yake. Kunja kukada, ubongo umatulutsa timadzi tina, dzina lake mela... mela chiyani kaya."

"Melatonini," anatero mkamwini. "Ndinawerenga pabotolo."

"Ameneyo. Akuti timadziti timauza chiwindi, kapamba, mtima, zonse, kuti kwada, tiyeni tipume. Tsono nyale ikayaka usiku wonse, timadziti timachita manyazi kutuluka. Ndipo munthu akadya pakati pa usiku, chakudya chimapeza kapamba atatseka kale khomo, shuga n'kumangoyendayenda m'magazi kusowa womulandira. Ndanama, achimwene?"

"Simunaname."

"Ndiye anawapatsa mapiritsi akuluakulu a shuga ndi a magazi, amene akuti asadumphitse. Anaonjezera kakang'ono kaja, melatonini. Anatsindika kuti kameneka si kochiza shuga ayi, ndi belu chabe lokumbutsa thupi nthawi yogona, ndipo pakokha sikangathe kanthu. Pafunika mdima usiku, dzuwa m'mawa, ndi kusiya kudya anthu atagona. Anati tiyesere, tione mmene ziyendere. Koma ananena mosabisa kuti zikapitirira chonchi maso atha, ndipo tsiku lina mbali imodzi ya thupi idzafa."

Panja galu wa oyandikana nawo anauwa kamodzi n'kusiya.

Atamaliza kudya, Mzime anabweretsa madzi ndi mapiritsi akuluakulu aja. Bambo anameza, nabweza kapu. Azakhali anadikira pang'ono, akuyang'ana m'manja mwa Mzime.

"Nanga kakang'ono kaja?"

"Kaja ndimamwa ndikatha mgonero," anatero bambo. "Ndi mmene ananenera dokotala."

"Tsono apa mwadya chiyani?"

"Kadzutsa."

Mkamwini anaseka, koma atayang'ana nkhope ya mkazi wake anatseka pakamwa. Mzime anali ataima chilili, kapu ili m'manja.

"Ababa anandiuza kuti adokotala ati akatha mgonero," anatero chapansipansi. "Ine ndimakaika pambali pa mbale yawo m'mawa, ndisanapite kushopu. Sindinaganize n'komwe. Mgonero wa ababa ndi wa m'mawa, chibadwire changa."

"Ndiye kuti mwezi wonsewu belu la usiku mwakhala mukuliimba dzuwa likutuluka," anatero azakhali. "Thupi linali losokonezeka kale, inu mwalithandiza kusokonezeka bwino."

"Ndalakwitsa ndine, azakhali."

"Khala pansi, mwanawe. Iwe kuchipatala kunalibe." Azakhali sanachotse maso pa mlongo wawo.

Mkamwini anadzuka mwaulemu, nati pali njinga ya munthu imene anaiwala kulowetsa, ndipo anatuluka n'kutseka chitseko mosapanga phokoso.

"Inu munaliko, achimwene," anapitiriza azakhali. "Mtsikana uja anatchula madzulo, anatchula kuzimitsa nyale. Munagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu."

"Ndinamva."

"Munamva chimene ankatanthauza?"

"Ndinamva bwinobwino."

"Tsono n'chiyani?"

Bambo anatola njere ya mpunga imene inagwera patebulo, naiika m'mphepete mwa mbale. Poyankha anayang'ana Mzime.

"Usiku bedi lija si langa, mwana wanga. Ndi la amayi ako."

Mzime anakhala pansi.

"Ine ndi amayi ako tinkagona bedi limodzi, koma mosinthana. Ine ndikufika, iwo akudzuka. Ndinkapeza pofunda, ndi kafungo ka mafuta awo odzola papilo. Ukaone matiresi aja. Ali ndi dzenje limodzi pakati, osati awiri. Tinakumba tonse, aliyense pa nthawi yake." Anasisita tebulo ndi chikhato. "M'mawa uja ndinafika ndi buledi wotentha kukhwapa. Ndinawapeza ali momwemo, koma pofunda panalibe."

"Zimenezo timazidziwa, achimwene," anatero azakhali, mawu atafewa.

"Chimene simudziwa n'chakuti ndimawamva. Ndikakhala pano usiku, nyumba yonse ili zii, bedi limalira akamatembenukira kukhoma. Nthawi zina amatsokomola, kachifuwa kawo kouma kaja. Sindiopa ayi. Ndimangomvetsera. Ali moyo ndinalibe mwayi wowamva akugona, ine ndinali ndi uvuni."

Chipinda cha Mzime chinali chogundana ndi cha bambo, ndipo kulirako nayenso anali atakumvapo, osati kamodzi. Ankadziwa kuti bambo ali pabalaza, chifukwa kuwala kwa nyale kunkalowa pansi pa chitseko chake ndipo supuni inkalira m'kapu. Komabe kuseri kwa khoma bedi linkati kwii, monga limachitira munthu akasintha mbali yogonera. Sanauzepo munthu, ngakhale mwamuna wake. Ankangokoka bulangeti n'kudziuza kuti ndi makoswe.

"Matabwa amalira akamazizira," anatero azakhali.

"Mwina ndi matabwa. Koma ine ndikagona, awamva ndani? Usiku uja panalibe wowamva."

Azakhali anapinda mwendo wawo wovuta uja, bondo n'kulira. Anasendera kutsogolo.

"Mvetserani, achimwene. Mlamu wanga ndinkamudziwa. Akanakuonani mukufufuza supuni ndi zala, akanakuponyerani bulangeti kumaso n'kukulamulani kugona. Ndipo ndikuuzeni chinthu china. Maso akatha, mbali ikafa, tidzakugonekani pabedi lomwelo usana ndi usiku, ndipo palibe amene adzafunse kuti ndi nthawi ya ndani. Wokutembenuzani adzakhala mwanayu."

"Azakhali," anatero Mzime.

"Ndisiye ndinene. Ndani wina anganene?"

Mzime anagwira dzanja la bambo. Linali lolemera, lokhala ndi zipsera zakale za moto wa uvuni.

"Ababa, ngati bedi lija likuvuta, tisinthane zipinda. Kapena ndikuyalireni pano pabalaza. Chachikulu mugone usiku. Amayi ndinawaperekeza, sindinakonzeke kuperekeza wina."

"Ndigone pabalaza ngati mlendo m'nyumba mwanga?"

"Ndiye musankhe nokha."

Bambo anayang'ana chitseko cha kuchipinda kwawo. Chinali chotsegula pang'ono, ndipo m'kati munali mdima wokhawokha. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka Mzime anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, nayamba kusanja mbale.

"Kabotolo kaja kali kuti?" anafunsa bambo.

Mzime anakatenga pashelefu ya kukhitchini. Kapiritsiko kanali kakang'ono kwambiri moti kanasowa m'mizere ya chikhato chawo. Bambo anameza, nadikira ngati kuti china chake chichitika.

"Si kachasu, achimwene, sikagwetsa munthu pompo," anatero azakhali. "Akuti muzikhala kaye pamdima, thupi limve lokha. Mzime, zimitsa nyaleyo."

Mzime anadina switchi. Kwa zaka zambiri balaza limeneli linali lisanaone mdima nthawi ngati imeneyi, ndipo linaoneka ngati la eni ena. Kabati anakula. Mipando inasanduka anthu okhala chete. Pawindo panaoneka thambo lotuwa ndi nthambi ya mtengo wa panja imene palibe ankaikumbukira. Mkamwini analowa, napunthwa pa mpando.

"Magetsi athima?"

"Tathimitsa dala," anatero Mzime. "Khalani pansi musanathyole mwendo."

Anakhala onse anayi mumdimamo, akuyankhula zazing'ono: mvula imene inachedwa, mwana wa oyandikana nawo amene anameza batani. Maso atazolowera mdima, Mzime anaona manja a bambo akukanda maondo, kukankha ndi kupinda, kukankha ndi kupinda, monga ankachitira ndi ufa. Nthawi imeneyi ndiyo inali yoyamba ntchito, ndipo manja sanaiwale. Kenako dzanja linapita pambali pa mpando, pamene pamakhala chitini cha buledi. Linapeza pansi popanda kanthu, chifukwa Mzime anali atachichotsa. Linabwerera pabondo.

Azakhali anayasamula, mkamwini n'kutengera. Patapita nthawi bambo nawo anayasamula, ndipo anaoneka odabwa.

Anadzuka, nayenda mogwira khoma mpaka pachitseko cha kuchipinda. Pamenepo anaima. Anakonza kolala ya malaya, nayesa kumanga batani la pamimba, koma linakana.

"Odi," anatero ndi mawu otsika.

Palibe anaseka. Anadikira monga amadikirira munthu pakhomo la eni ake. Nyumba inali zii. Kenako anakankha chitseko, nalowa, n'kutseka.

Mzime atagona anatchera khutu kukhoma. Pansi pa chitseko chake panalibe kuwala, ndipo kusowa kwake kunamusowetsa mtendere. Anamva bedi likulira bambo akukhala, likuliranso akugona. Kenako anadikira kulira kwina kuja, kumene ankakudziwa. Ankakuopa, komabe ankakufuna. Mwamuna wake anayamba mkonono. Iye anamvetserabe mpaka tulo tinamuba osadziwa.

Anadzidzimuka kunja kutayera. Anathamangira pabalaza poganiza kuti awapeza pampando wawo, koma mpando unali wopanda munthu, kapu ili yoyera pashelefu. Chitseko cha bambo chinali chotseka. Anagogoda. Zii. Anagogodanso mwamphamvu, chifukwa chitseko chotseka m'mawa chinali chitamulandapo kale munthu mmodzi. Anatsegula.

Pabedi panalibe munthu. Bulangeti linali lopindidwa, ndipo malo amene munthu anagonapo anali m'mphepete mwenimweni, moti akanatembenuka pang'ono akanagwa. M'chipindamo munali mowala modabwitsa, ndipo mphepo inkalowa pawindo.

Anawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala pampando wathabwa moyang'ana kum'mawa. Dzuwa linali litangotuluka pamwamba pa madenga. Maso awo anali otsinzina, misozi ikutsika m'masaya, kaya ndi kuwala, kaya n'china. Mumsewu munkadutsa ana a sukulu, amayi onyamula zidebe, ndi munthu wa njinga atamanga makatoni kumbuyo. Bambo ankawayang'ana onsewo ngati mlendo.

"Mwagona, ababa?"

"Pang'ono. Ndinakhala maso mpaka atambala, kenako sindikudziwa chimene chinachitika. Mutu ukulemera ngati ndasenza thumba la ufa."

"Adokotala sananene kuti zitheka tsiku limodzi, si choncho?"

"Ayi. Anati thupi limatembenuka ngati ngolo, osati ngati njinga."

Mzime anagwada pambali pawo. Bambo anapukuta tsaya ndi kuseri kwa dzanja. Atayankhulanso, anatsitsa mawu kuti azakhali, amene ankachapa pampopi chapafupi, asamve.

"Sanatembenuke."

"Ababa?"

"Amayi ako. Usiku wonse zii. Ndinamvetsera mpaka makutu kuwawa. Kaya anagona bwino poti ndinalipo, kaya anaona kuti ndabwera n'kundisiyira malo, napita. Sindikudziwa, mwana wanga."

Mzime anafuna kuwauza kuti nayenso anamvetsera ndipo sanamve kanthu, koma sanadziwe ngati zimenezo zingawatonthoze. Anangoika dzanja paphewa lawo.

"Madzulo ano mumwanso?"

Bambo anayang'ana msewu. Mwana wina anagwetsa chikwama, mabuku n'kumwazika, mnzake akumuseka.

"Ndimwa," anatero.

Azakhali anabwera akutsimphina, akukoka beseni. M'kati munali bulangeti lakuda lokhuthala limene kwa zaka zonsezi linali lokhomedwa pawindo la kuchipinda kuti dzuwa lisalowe bambo akagona masana. Anali atalizula pamisomali m'mamawa, osapempha munthu. Madzi a m'beseni anali ofiirira ndi fumbi.

"Ndachapa, ndatsukuluza, likutulutsabe dothi," anatero. "Munthu akanadzalamo chimanga. Achimwene, poti mwadzuka ngati anthu, gwirani uko tifinye."

Bambo anadzuka, nagwira mbali ina ya bulangeti. Anayamba kupotoza, madzi n'kumadontha pang'onopang'ono.

"Mukupotokolera komwe ndikupotokolera ine," anatero azakhali. "Chonchi tifinya mpaka mawa. Tembenuzirani uko."

Bambo anasintha manja, napotoza mbali inayo. Madzi anatuluka ambiri, nayenderera m'fumbi kulowera kumsewu.